Ndinapita kukaimbitsa masipika, ndinabwerako ndili mphunzitsi wa valimba

Ganyu wa tsiku limodzi

Chapakati pa 2022 ahedi a sukulu ina ya pulaimale kuno kwathu, ukadutsa Ngabu kulowera ku Bangula, anandiimbira foni kuti ndipite ndi masipika anga pa mwambo wotsanzikana ndi ana a Sitandade 8. Anali ganyu wamba ngati maganyu ena onse omwe ndinkagwira nthawi imeneyo, maukwati, zinkhoswe, misonkhano ya mipingo, paliponse pofunika maikolofoni. Tinamvana mtengo, ndinamanga masipika awiri ndi kiyibodi pa njinga za kabaza, n'kulawira m'mamawa dzuwa lisanayambe ukali wake.

Amene munalipo chaka chimenecho mukukumbukira mmene magetsi ankavutira. Namondwe Ana atadutsa mu Januwale anaononga damu la Kapichira konkuno ku Chikwawa, dziko n'kutaya pafupifupi mamegawati 130, nde magetsi ankabwera pakati pa usiku anthu tili mtulo, kukacha apita. Tsiku limenelo anayesetsa ndithu, anayaka mpaka ndinalumikiza zonse n'kuyesa maikolofoni, koma alendo atangokhala pansi, amfumu, a komiti, makolo atadzaza pansi pa mitengo ya nimu, magetsi thimu. Jenereta inalipo ya bambo wina wa pamsika koma inalibe mafuta, mnyamata anatumidwa pa njinga kukasaka petulo wa m'zigubu, ife n'kutsala tikungoyang'anana.

Kudikira kwa kuchigwa kuno mukukudziwa, thukuta kumsana, amayi akudzikupiza ndi nsonga za zitenje. Ana a makalasi apansi anawalowetsa m'makalasi kuti asasokoneze alendo. Ine ndinakhala pa sipika yanga pakhonde la Sitandade 5, mumtima ndikuwerengera ngati andipatsebe ndalama yonse kapena adula.

Zomwe zinkamveka m'kalasi muja

Kenako ndinamva kugogoda. Poyamba sindinalabadire, mwana ukamusiya yekha ndi desiki aigogoda basi. Koma kugogoda kumeneku kunali ndi dongosolo. Wina akumenya pansipansi mosathamanga, wina akulowa m'mipata momwe woyambayo wasiya, wachitatu akuthamanga pamwamba ndi timawu tating'ono tosadukiza, ndipo palibe amene akuponda mnzake.

Ndinasuzumira pa zenera la njerwa zoboola zija. Anyamata awiri ndi mtsikana mmodzi atazungulira desiki imodzi yogwedera mwendo. Mnyamata wina ali ndi mabolopeni awiri, winayo rula yothyoka ndi kamtengo, mtsikanayo alibe kanthu, akumenya ndi zikhatho kumapeto kwa thabwa komwe kumalira mokhuthala. Anali atatulukira kale kuti thabwa limenelo ukalimenya pakati limalira mwina, kumphepete mwina, pafupi ndi msomali mwinanso, nde manja awo ankadziwa pofikira osayang'ana n'komwe. Anzawo atawazinga, wina akugwedeza kabotolo ka timiyala, kalasi yonse ya ana ochuluka choncho palibe wolongolola.

Thupi langa linachita tsemwe chifukwa kaimbidwe kameneko ndinakadziwa. Sikanali ka pa wailesi kapena ka m'mafoni. Kanali ka valimba, chida cha makolo cha timatabwa tokhala ndi zipanda pansi pake, kaimbidwe komwe malume anga ankaimba ndi anzawo pa maliro usiku wonse ku Tengani ndili mwana, ine nditadzipinda pa mphasa pafupi ndi moto, tulo tikubwera n'kumathawanso.

Ndinalowa. Atangondiona anasiya nthawi yomweyo, mabolopeni m'thumba, mtsikana uja manja kumbuyo maso pansi, akudziwa kuti wamkulu akalowa chotsatira ndi chibalo. Ndinati pitirizani, anangoyang'anana. Nde ndinagwada pambali pa desikiyo, ndinatenga rula ija n'kuyamba mbali yapakati yomwe ndinaimva ija. Ndinaizunguliza kangapo ndekha. Mtsikana uja ndi amene anayamba kulowa, pang'onopang'ono, ndi nsonga za zala kaye, kenako chikhatho chonse, anyamata aja n'kutsatira. Ndinayesa kuwasokoneza dala, ndinasintha pang'ono pomenyera kuti ndione ngati agwa, mtsikanayo anangondiyang'ana kamodzi n'kusuntha mbali yake kuti indipatse malo. Anthu amene ndaimba nawo m'mabandi zaka zambiri si onse angachite zimenezo.

Titasiya ndinamufunsa, "Iwe, wakuphunzitsa ndani zimenezi?"

"Palibe, timangomvera kumaliro."

"Valimba yeniyeniyo unayamba waikhudzapo?"

"Ayi. Amatithamangitsa, amati ndi za akuluakulu."

Nditadzuka ndinaona pa bolodi. Panali manotsi a dzulo lake a Expressive Arts, mitundu ya zida zoimbira m'Chingerezi, zomenya, zopemerera, za nsambo, ndipo pambali aphunzitsi anajambula ndi choko chida cha timatabwa tondandalika, chopanda zipanda pansi pake. Ana onse anali atakopera m'makope mwawo mwaukhondo. Chida chili pa bolodi, nyimbo ili m'manja mwa ana, valimba yeniyeni ili m'mudzi womwewo, koma zitatuzi sizinakumanepo. Mwambo unachitika masana petulo atapezeka, ndinaimbitsa masipika, ndinalipidwa, koma mutu wanga unatsalira m'kalasi muja.

Pomanga katundu ndinawauza ahedi kuti, "Ahedi, ana ajatu amaimba."

Iwo anati, "Eee amasokosa kwabasi, pepani."

"Ayi, ndikuti amaimba."

Anandiyang'ana kanthawi, kenako anati piriyodi ya zimenezo ilipo pa taimutebulo koma zida palibe, aphunzitsi ambiri sanagwirepo chida chilichonse, nde amangolembetsa manotsi kuti ana akakhoze mayeso. "Ngati mukufuna muzibwera Lachitatu. Koma ndineneretu, ndalama tilibe."

Komwe ndinachokera

Ine zoimba ndinayamba ngati ana ambiri a kuno, gitala ya chigubu cha mafuta, nsambo za waya wa mabuleki a njinga. Malume anga a valimba aja sankandiletsa kuonerera koma kukhudza ayi, ndipo ndisaname, ifenso anyamata nthawi imeneyo mtima unali pa zamagetsi. Ndinaphunzira kiyibodi ku kwaya ya kutchalitchi, kenako ndinalowa bandi ina ku Nchalo. Kumapeto kwa mwezi anthu a m'minda ya nzimbe akalandira tinkaimba mpaka mbandakucha, ndalama inkaoneka ndithu. Kuchoka apo ndinakwera zitunda za Thabwa kupita ku Blantyre, ndikuti kumeneko ndiye kuli tsogolo, ndipo ndinaimbadi, m'mabala, m'maukwati, kumbuyo kwa oimba ena ku situdiyo.

Zinthu zinayamba kusintha tikuona. Munthu mmodzi ndi kompyuta anayamba kugwira ntchito ya anthu asanu, eni ukwati anaona kuti DJ wa fulashi imodzi ndi wotchipa kusiyana ndi bandi yofuna thiransipoti ndi chakudya. Kenako 2020 Covid inatseka misonkhano, lendi ya m'tauni siidikira kuti mliri uthe, nde ndinagulitsa zina, n'kutsala ndi masipika awiri ndi kiyibodi, ndinatsika kubwerera kumudzi. Sindikudandaula za zaka zimenezo, zinandiphunzitsa kusunga nthawi, kumvera mnzako pa siteji, kuimirira pamaso pa anthu osanjenjemera. Koma za uphunzitsi sindinaziganizirepo ngakhale kamodzi. Ku TTC, koleji ya aphunzitsi, sindinapiteko, satifiketi ya uphunzitsi ndilibe mpaka lero.

Kwa agogo osema

Lachitatu loyamba ndinapita ndi kiyibodi ya mabatire. Ana anasangalala, aliyense akufuna kudina, koma pobwerera ndinadziwa kuti chomwe ana aja akusowa si chimenecho. Malume anga anatisiya kalekale ndipo valimba yawo inatha ndi chiswe. Ndinafunsafunsa mpaka anandilozera kwa agogo ena chakufupi ndi dambo, amene ndi okhawo otsala kudera kwathu odziwa kusema valimba kuyambira pa mtengo mpaka kulira.

Ndinawapeza atakhala pansi pa mtengo wa masau akuluka mono. Nditafotokoza anakhala chete nthawi yaitali, kenako anati, "Mdzukulu, ana a sukulu ndi valimba? Aphunzitsi awo avomera?" Ndinati avomera. Anati, "Nanga mlombwa uupeza kuti?"

Funso limenelo linali lenileni. Timatabwa ta valimba timafuna mtengo wouma bwino komanso wolira, ndipo agogowa sankafuna kumva za mtengo wina koma mlombwa. Mlombwa kuchigwa kuno suonekanso wamba, unatha ndi macheka ndi makala, wotsalawo ndi wotetezedwa ndipo ine sindikanalola kuti ana aphunzire pa chida cha mtengo wakuba. Chinatipulumutsa ndi chitseko. Nyumba ya achemwali a mayi anga inagwa ndi madzi a Ana, koma chitseko chake chakale cha mlombwa ndi mafelemu ake zinapulumuka, zinangotsamira pa khola. Nditawapempha anati tenga mwanawe, bola chigwire ntchito. Agogo aja atachigogoda ndi chala n'kutchera khutu, anamwetulira, anati uwu wauma zaka zambiri, ulira.

Masabata otsatirawo ndinkapita kukakhala nawo, ine wogwirizira, iwo ndi kasemasema. Apa ndi pomwe ndinaphunzira zinthu zomwe zaka zonse za kiyibodi sizinandiuze. Kathabwa ukakasema pansi chapakati mawu ake amatsika, ukakasema kumapeto mawu amakwera, nde munthu amachotsa pang'ono, n'kugogoda, n'kumvera, n'kuchotsanso, ukapyoza palibe kubweza. Kathabwa kalikonse kamakhala ndi chipanda chake pansi, zazikulu kumawu akuluakulu, ting'onoting'ono kumawu apamwamba, ndipo chipandacho nachonso chimachunidwa, kukamwa kwake ukakukuza chimakwera, ukakuchepetsa ndi phula chimatsika, mpaka chigwirizane ndi kathabwa kake. Chikagwirizana umachita kumva m'mimba, mawu amangotupa okha. M'mbali mwa chipanda amaboola kabowo n'kumatapo kansalu koyera kaja komwe kangaude amasungiramo mazira pa khoma, ndi kameneko kamene kamapangitsa valimba kulira monjenjemera muja mpaka kumveka kutsidya kwa dambo usiku. Ena masiku ano amamata kapulasitiki kopyapyala, agogowa amati nako kamalira koma kamalira mwaulesi. Timitengo tomenyera tinakulunga ndi mphira wa matayala.

Panabuka kankhani pa kachunidwe. Aphunzitsi ena achinyamata, munthu wokonda nyimbo ndithu, anabwera ndi foni yawo ya pulogalamu yoyezera mawu, n'kupeza kuti timatabwa tambiri sitikugwera pomwe pali mawu a kiyibodi. Anapempha kuti tikonze kuti valimbayo izitha kuperekeza nyimbo ya fuko pa asembule. Agogo anakana kwamtuwagalu. Ndipo ine ndinali mbali yawo, chifukwa valimba siyophonya ayi, ili ndi makwerero ake. Mawu ake asanu ndi awiri amatalikirana pafupifupi mofanana, pomwe pa kiyibodi masitepe ena ndi aakulu ena ndi theka. N'chifukwa chake woimba valimba amatha kuyambira nyimbo pa kathabwa kena n'kumvekabe yomweyo. Ukaikokera ku kiyibodi nyimbo za makolo zija zimatuluka zopindika, agogo sangazizindikire. Tinamvana kuti yaikuluyo ikhale momwe makolo ankachunira, ndipo tinasema ina yaing'ono ya matabwa otsala, yopanda zipanda, yotsata kiyibodi, ya pa asembule ndi kwaya. Ana amaimba zonse ziwiri ndipo sasokonezeka, makutu awo ndi otakasuka kuposa athu.

Ana oposa 100, valimba imodzi

Kuimba ndi kwina, kuphunzitsa ndi kwina. Valimba imakwana anthu atatu nthawi imodzi, ine ndili ndi kalasi ya ana oposa 100, piriyodi yake yaifupi, m'kalasi malata akuotcha mutu. Amene anandiphunzitsa ntchitoyi ndi amadamu a Sitandade 5, mayi wodekha amene wakhala pa choko zaka zambiri. Anandikhazika pansi anati, "Achimwene, mwana amene alibe chochita ndi amene amasokoneza. Musanayambe, aliyense akhale ndi ntchito yake." Anandionetsanso kalembedwe ka pulani ya phunziro, kuti ndizidziwa chomwe ndikufuna mwana atuluke nacho tsiku limenelo, osangoti tasangalala basi.

Nde timatuluka panja pansi pa nimu. Timayamba ndi mapazi, kalasi yonse kuponda pamodzi mpaka fumbi lizidzuka nthawi imodzi. Kenako ndimawagawa, awa m'manja, awa maseche omwe tinapanga ndi zikamba za malambe ndi timiyala, awa pakamwa. Mbali iliyonse ya valimba timayamba taiimba ndi pakamwa, mwana akalephera kuitchula ndi pakamwa manja sangaipeze. Kenako aliyense amajambula timatabwa pa mchenga patsogolo pake, n'kutenga mapesi awiri a mapira, kumenya pa mchengapo motsatira atatu amene ali pa valimba yeniyeni. Ndikaomba m'manja atatu aja amadzuka, ena atatu n'kukhala, nyimbo osaima. Mwana akamafika pa chidacho manja amakhala akudziwa kale njira, chatsopano ndi kulira kokha, ndipo nkhope yomwe amapanga chipanda chachikulu chikamuyankha koyamba, abale, imeneyo sindinaitope.

Chovuta kwambiri kuphunzitsa si liwiro ayi. Ana a kuno liwiro ali nalo. Chovuta ndi kusiya mpata. Mwana wochenjera amafuna kudzaza paliponse kuti amveke iyeyo, nde nyimbo imafa chifukwa mnzake alibe polowera. Pali mnyamata wina wa manja othamanga zedi amene anandivutitsa miyezi, akangokhala pa valimba anzake awiri aja ankangosiya. Sindinamukalipire, ndinamuika kumawu akuluakulu komwe umamenya pang'ono koma onse amatsamira pa iwe. Anakwiya, sabata yotsatira sanabwere, kenako anabwera n'kukakhala yekha komweko osauzidwa. Pano ndi amene ndimamudalira kugwira nyimbo ana ang'onoang'ono akamaphunzira pamwamba.

Chinanso, pa phunziro langa mwana amaimba m'chiyankhulo chomwe nyimboyo inabadwira. Ana ambiri kuno kunyumba amayankhula Chisena kapena Chimang'anja, kusukulu Chichewa, mayeso m'Chingerezi, ndipo ena amakhala chete tsiku lonse poopa kusekedwa. Ndinawapatsa ntchito yoti aliyense akafunse agogo ake nyimbo imodzi, ya pamtondo, ya m'bwato, yotonthoza mwana, ya magule a utse ndi likhuba, iliyonse. Ana omwe amadamu ankati samatsegula pakamwa ndi amene anabwera ndi nyimbo zambiri, chifukwa ambiri mwa iwo ndi oleredwa ndi agogo.

Makolo ena anakana

Si onse anakondwera, ndipo zifukwa zawo sindizipeputsa. Bambo wina anabwera yekha kusukulu, anavula chipewa mwaulemu n'kunena kuti, "Aphunzitsi, valimba ndi ya pamaliro ndi pamowa. Mwana wanga ndinamutumiza kuno kuti adzakhale nesi." Ena anati mpingo wawo sulola. Ena vuto lawo linali atsikana, akuti chida chimenechi kuyambira kale amaimba ndi amuna, mtsikana azivina basi. Ndipo ena anangonena mosabisa kuti taonani inuyo, mwaimba zaka zonsezi, muli ndi chani?

Funso lomalizali ndi lolasa koma ndi lachilungamo. Ndinawayankha pa msonkhano wa makolo kuti sindikuphunzitsa ana awo kuti adzakhale oimba a m'mabala, ndipo mwana akandifunsa za moyo umenewo ndimamuuza zoona zake zonse. Masamu timaphunzitsa mwana aliyense ngakhale si onse adzagwire ntchito ku banki. Sindinawalonjezenso kuti valimba ikweza malikisi, chifukwa umboni wa zimenezo ndilibe. Chomwe ndinawauza ndi chomwe ndaona ndi maso, kuti ana ena amene ankathawa sukulu kukaweta ng'ombe kapena kukawedza Lachitatu sajomba, ndipo mwana amene wabwera chifukwa cha valimba amapezekanso pa piriyodi ya Chingerezi ya m'mawa womwewo. Tinagwirizana kuti nyimbo za pamaliro zenizeni ndi za mawu a akuluakulu sitiziimba kusukulu, ndipo kholo lomwe silikufuna, mwana wake sakakamizidwa. Pa nkhani ya atsikana pokha sindinagonje. Amene anandikokera m'kalasi muja ndi mtsikana, ndipo agogo osema aja nditawafunsa anati manja alibe mwamuna kapena mkazi, iwo chomwe amadana nacho ndi woimba wosamvera anzake.

Mu Malichi 2023 namondwe Freddy anabwera, sukulu yathu inasanduka kampu monga zimakhalira kuno madzi akasefukira, 2015 zinali choncho, 2019 chimodzimodzi. M'makalasi munadzaza mabanja, mbuzi pakhonde, maphunziro anaima. Valimba tinali titaipachika ku mitanda ya denga mu ofesi. Patapita masiku, madzulo ena ana anabwera kudzandipempha kuti tiitsitse. Ndinakayika, anthu ataya nyumba, ena ataya abale, kodi n'koyenera? Ndinakafunsa amfumu, iwo anati tsitsani, valimba siyachilendo pa chisoni. Ana atatu anakhala pansi n'kuyamba motsitsa. Anthu anabwera okha mmodzimmodzi. Amayi ena achikulire anayamba kuyankha nyimboyo ali chikhalire, kenako anadzuka. Bambo wa chipewa uja analipo, anaimirira kumbuyo manja atapinda, mwana wake wamkazi ali pakati pa valimba. Sananene kanthu kwa ine usiku umenewo kapena pambuyo pake, ndipo sindinganene kuti anasintha maganizo, koma mwanayo sanaletsedwenso. Alipo makolo awiri atatu amene mpaka lero ana awo amakhala pambali Lachitatu, ndimawalemekeza, ngakhale mapazi a anawo ndimawaona akugunda pansi.

Mmene zilili pano

Ndimapitabe Lachitatu, ndipo sukulu ina yoyandikana nayo inandipempha Lachisanu. Komiti imandipatsa kangachepe ikatolera, miyezi ina osatolera, nde masipika aja ndi amene akundidyetsabe kumapeto kwa sabata, kuphatikiza kadimba ka chimanga ndi mbatata kumtsinje. Ana a Sitandade 8 teremu yomaliza sindiwaona, amakhala pa kukonzekera mayeso a PSLCE, ndipo ndimamvetsa. Mtsikana wa pa desiki uja ndinamuphunzitsa mpaka anafika kumeneko.

Chomwe chimandipweteka ndi choti phunziroli lili kale pa taimutebulo ya sukulu iliyonse ya boma, palibe chatsopano chomwe tikupempha. Aphunzitsi si olakwa, munthu sungaphunzitse chida chomwe sunachigwirepo, ndi ana 100 kutsogolo kwako. Koma m'midzi yozungulira sukulu zathuzi, kuyambira ku Chapananga mpaka ku Marka, kutsidya ku Makhanga ndi ku Muona, muli anthu odziwa ng'oma, bangwe, kalimba, magule, amene sanaitanidwepo kulowa pa geti ya sukulu chifukwa alibe pepala. Ndipo kuli anzanga oimba ambiri amene anabwerera kumudzi ngati ine, akungokhala ndi luso lawo. Ahedi amene mukuwerenga, yesani kuitana mmodzi, mphunzitsi wa kalasi akhale pomwepo aziwongolera, muone. Anzanga oimba, mukapita musakaonetse luso lanu, ana sakusowa konsati. Pitani mukamve kaye zomwe akudziwa kale, ndipo mulole aphunzitsi akuphunzitseni kagwiridwe ka kalasi.

Nkhawa yanga yaikulu pano ndi agogo osema aja. Maso ayamba kuchita chifunga, kasemasema akumugwira mongoyerekeza, ngakhale khutu likadali lakuthwa. Ndinapempha makolo a ana awiri a Sitandade 7, mnyamata ndi mtsikana, kuti Loweruka azipita nane kumeneko, iwo azisema agogo azimvera n'kumawauza poti achotse. Ayamba ndi matabwa wamba kuti asaononge abwino. Zipanda tinadzala tokha kuseri kwa sukulu ndipo zina zakhwima, tikuziumitsa pa denga la kitchini ya phala. Chatsala ndi mtengo wa valimba yachiwiri ya sukulu ya Lachisanu ija. Nde ngati kwanu kuli chitseko chakale cha mlombwa, bedi lothyoka kapena felemu yomwe ikungodyedwa ndi dzuwa kuseri kwa nyumba, kaya ndi ku Nchalo, ku Ngabu, ku Bangula kapena ku Nsanje boma, musawazire nkhuni chonde, ndiuzeni ndidzatenga ndekha pa kabaza.